Chitenje Chimene Ndinagula Misa Itatha

Mvula inagwa m'bandakucha n'kukata dzuwa lisanatuluke, ndipo pofika nthawi ya mapemphero nthaka inali ikufuka nthunzi. Kunali kutentha kwa chinyontho, kuja kumene malaya amamatira pamsana usanayende n'komwe. Kudambo anthu ankaomba zitini kupirikitsa mbalame mumpunga, ndipo mfuu wawo unkafika mpaka pakhomo panga. Ng'ombe za mnansi wanga zinkalira m'khola chifukwa anachedwa kuzitsekulira. Kumsewu waukulu, cha ku Uliwa, malole ochokera kumalire ankadutsa molemera. Kenaka chitsulo cha gudumu chimene tinapachika pamtengo wa mango m'malo mwa belu chinalira. Ndimakumbukira zonsezi chifukwa linali tsiku limene ku Roma analengeza kuti Papa uja anabwera kuno ku Malawi ndi woyera. Linalinso tsiku limene ndinadziwa chimene mkazi wanga sanapite nacho kumanda.

Wansembe sabwera kawirikawiri ku tchalitchi chathu, choncho mapemphero a m'mawa anatsogolera ndi akatekisiti. Masana kunali msonkhano wa mphakati, kagulu ka Akhristu oyandikana nyumba, ndipo sabata imeneyo wolandira anthu ndinali ine. Mphakati wathu unali utakula kwambiri moti wansembe anati ugawike pawiri. A kutsidya kwa mtsinje anapita ndi dzina lakale, ife n'kutsala opanda woyera wotiyang'anira. Akatekisiti anabwera ndi maganizo akuti titenge dzina la Papayo, popeza tsiku linali lomwelo. Mwa chizolowezi chathu wamkulu amayankhula komaliza, ndipo wamkulu ndinali ine. Palibe amene ankakayika za mbali imene ndidzaime, chifukwa ndinali mmodzi wa anthu awiri otsala m'mudzi muno amene anamuona Papa ndi maso.

Koma sindinamuone.

Chaka chimene anabwera, tchalitchi chathu chinasankha anthu asanu oti apite ku Lilongwe: amuna anayi ndi mayi mmodzi. Mayiyo anali mkazi wanga. Anamusankha chifukwa ndiye ankayambitsa nyimbo, ndiponso Loweruka lililonse ankasesa m'tchalitchi popanda womutuma. Anachapa diresi lake, nalisita ndi simbi ya makala, nalipachika pamsomali kutatsala sabata yathunthu. Tsiku lililonse ankaliphimba ndi nsalu kuti lisagwire fumbi.

Ine dzina langa silinatchulidwe, ndipo zinandiwawa. Ndinayamba kumuuza kuti ulendo wa masiku angapo pamwamba pa lole, pakati pa amuna okhaokha, si woyenera mayi wapabanja. Ndinamukumbutsa kuti mpunga ukucha ndipo mbalame sizidikira Papa. Zonsezo zinali zoona, koma si chifukwa chake ndinazinena. Ndinkafuna kupita ine. Iye anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anachotsa diresi lija pamsomali nalipinda.

"Yewo, adada," anavomera m'Chitumbuka chathu. "Pitani inu. Mukandionereko. Koma mukabwere nako kanthu kalikonse kamene dzanja lake ladalitsa."

Lole ya parishi inadzaza ndi a ku Boma, choncho ife asanu tinakwera lole ya wamalonda wina wa ku Mangochi yemwe ankapita ndi matumba a usipa wouma. Pokwera phiri la Chiweta, chitsulo china cha kunsi chinathyoka. Dalaivala anatumiza uthenga ku Mzuzu kuti abweretse china, ndipo tinagona masiku awiri m'mbali mwa msewu, tikununkha usipa, malaya athu a Misa ali m'mapepala. Titafika ku Lilongwe zonse zinali zitatha dzulo lake. Pabwalo tinapeza anthu akugwetsa nsanja. Udzu unali wopondekapondeka mpaka kutali, ndipo mphepo inkauluza mapepala a nyimbo.

Wamkulu wa gulu lathu, bambo wokalamba amene anabatizidwa ndi azungu oyamba, anakhala pansi n'kulira. Atapukuta misozi anati, "Akhristu atiphikira kamba, atiperekeza mpaka kumsewu akuimba. Tikabwerere kukawauza kuti taona udzu?" Mmodzi wa ife anali mphunzitsi wa pasukulu ya m'mudzi mwathu, amene mpaka lero timangomutcha asambizgi monga timanenera m'Chitumbuka. Iyeyo anali atamvetsera Misa yonse pa wailesi ya dalaivala, ndiye anatiphunzitsa zimene Papa ananena ndi nyimbo zimene zinaimbidwa. Tinagwirizana pomwepo kuti tikanene kuti tinamuona. M'khamu lalikulu chotero, a lole ya parishi sakanadabwa kuti sanatione.

Potuluka pabwalopo ndinapeza mayi wina akulongedza zitenje zotsala. Ndinagula chimodzi, chachikasu ndi choyera, chokhala ndi nkhope ya Papa pakati atakweza dzanja.

Mkazi wanga anachilandira atagwada. Ndinamuuza kuti ndinachikweza m'mwamba pamene Papa ankadalitsa anthu. Ndinanena zimenezo zokha, koma bodza silikhala pamene walisiya. Pofika Lamulungu lotsatira, anthu ankati galimoto ya Papa inadutsa pafupi nane. Pofika Khirisimasi, ankati anachikhudza ndi zala zake. Sindinavomere, komanso sindinakane.

Chitenjecho sanachivalepo. Ankati munthu sungakhalire nkhope ya Apapa. Anachisunga m'sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo a ana athu. Posakhalitsa amayi anayamba kubwera kudzachibwereka. Wina mwana wake akakomoka ndi malungo, wina mpongozi wake akavutika pobereka, wina mwamuna wake akagona osadzuka, ankagogoda pakhomo pathu. Mkazi wanga ankachitulutsa ndi manja awiri. Wodwala akachira, chinkabwerera ndi mazira kapena chipeso cha nthochi. Akapanda kuchira, ankati Chiuta wafuna choncho. Ine ndinkakhala pakhonde n'kumaona chikutuluka ndi kulowa, ndipo ndinkadziuza kuti nsalu siivulaza munthu, ndipo ngati ikuwathandiza kupemphera, palibe choipa.

Ndinkapita kukalapa monga Mkhristu aliyense. Ndinkaulula kupsa mtima, ulesi pa kolona, mawu oipa amene ndinanenera ng'ombe ya mnansi. Ichi chokha sindinachitchule. Ndinkadziwa kuti wansembe adzati pita ukamuuze mkazi wako, ndipo ndinkakumbukira mmene anagwadira pochilandira.

Patapita zaka zambiri, ana athu atakula n'kuchoka, mkazi wanga anapeza chotupa m'khwapa. Ndinamuuza kuti tipite kuchipatala ku Boma. Iye anati tidikire tikolole, mankhwala ake ali nawo m'nyumba momwemo. M'mawa uliwonse ankafunda chitenje chija paphewa n'kupemphera kolona, kenaka n'kuchipinda n'kupita kudambo. Ndinabwereza za chipatala kangapo, koma ndi mawu ofewa, ndipo iye ankangomwetulira n'kugwira nsaluyo. Mawu amodzi okha akanatha kumudzutsa. Ndikanati, mayi, ichi ndinagula kwa wamalonda Misa itatha, tiyeni. Sindinanene. Tinakolola, tinapuntha, tinayanika, ndipo mvula ina itayandikira m'pamene analola. Adokotala sananene kuti akanachira tikanafulumira. Anangofunsa kuti chinayamba liti, ndipo nditayankha anandiyang'ana kaye asanalembe.

Masiku ake omaliza anapempha chinthu chimodzi. "Mukandifunditse chitenje changa. Ine sindinapite kukawaona Apapa, ndiye tipitire limodzi."

Kwathu kuno mayi akamwalira amasambitsidwa ndi amayi anzake, ndipo mwamuna salowa m'chipindamo. Ndinatulutsa chitenjecho m'sutikesi n'kuchipereka pakhomo kwa amayi apampando a gulu la amayi a mpingo, mnzake wa mkazi wanga kuyambira ali atsikana. Ndinawauza pempho lake. Potsekula bokosi kuti tione nkhope, panaoneka nkhope yokha ndi nsalu yoyera m'mbali. Ndikuchita manyazi kunena, koma pamene dothi linkagwera pabokosi, pakati pa chisoni changa panali kampumulo. Ndinati bodza lija lakwiriridwa, ndipo iye walandira chimene anapempha. Ndinakhala ndi maganizo amenewo zaka zisanu ndi chimodzi.

Tsopano ndibwerere pa Lamulungu lija. Tinakhala pansi pa mtengo wa pakhomo panga, amuna pamabenchi, amayi pamphasa. Ndinali nditawiritsa mtedza watsopano. Akatekisiti athu kwawo ndi ku Dedza, anakwatira kuno, choncho akakhalapo timayankhula Chichewa chathu chopindika, ndipo pakatentha timathawira ku Chitumbuka. Atatha pemphero anayamba.

"Abale anga, nkhaniyi ndi yosavuta. Oyera ena timangowaona pazithunzi, sitidziwa n'komwe ngati anamvapo za Malawi. Uyu anaponda dothi lathu. Anagwada n'kulipsompsona."

"Analipsompsona la pabwalo la ndege, akatekisiti," anatero asambizgi, amene tsopano anali atapuma ntchito, mutu wonse mbuu. "Akanatsikira kudambo kwathu mwezi uno akanayamba waganiza."

Anthu anaseka. Akatekisiti anapukusa mutu.

"Inu asambizgi mumatsutsa ngakhale dzuwa likuwala."

"Dzuwa sinditsutsa. Ndikutsutsa liwiro. Mpunga tikamweta lero, timaphika lero? Timauyanika kaye. Oyera akale ankadikira mpaka onse owadziwa atatha. Uyu maliro ake tawamva pa wailesi dzulodzuloli."

"Ndiye kuti zake zinali zoonekeratu."

"Zina zinali zoonekeratu, nadi. Koma wailesi yomweyo ikunenanso zina. Akuti kuli anthu amene analakwiridwa ndi ansembe ena ali ana. Analemba makalata, anadandaula, ndipo mayankho anachedwa. Anthu amenewo akadali moyo. Lero akumva mabelu akulira, mukuti mumtima mwawo muli bwanji?"

"Papa angawerenge kalata iliyonse ya padziko lonse?" anatero akatekisiti, mawu atakwera. "Munthu anali wokalamba, wodwala, dzanja likunjenjemera, koma osasiya ntchito. Ndipo musaiwale, amene anamuwombera ndi mfuti anamutsatira kundende kukamukhululukira. Inu mbuzi ya alamu anu itadya chinangwa chanu, munatha miyezi itatu osawapatsa moni."

"Inayi," anatero alamu awo ali pamphasa, ndipo anthu anasekanso.

Asambizgi nawonso anaseka, koma sanabwerere m'mbuyo. Anatenga mtedza n'kuyamba kusenda pang'onopang'ono.

"Kukhululukira amene wakulasa ndi chinthu chachikulu, sindikana. Ine sindingathe. Koma pali kulakwa kwina kumene munthu sachita ndi manja. Umadziwa kanthu, ukuona mnzako akupwetekeka nako, koma ukhala chete poopa kuti chinthu chopatulika chingade. Kaya iye ankadziwa zochuluka bwanji, ine sindinali komweko. Ndikungoti tidikire."

Sanandiyang'ane ponena zimenezi. Pambuyo pake anandilumbirira kuti sankaganiza za ine n'komwe, ndipo ndimawakhulupirira. Koma mawuwo anandilasa. Ndinayang'ana pansi, pa nyerere zimene zinkakoka khoko la mtedza.

Amene anapsa mtima ndi amayi apampando. Iwo ndi munthu wosachedwa kuyankhula, ndipo Papa ameneyu ankamukonda kuposa wina aliyense m'mudzi muno.

"Asambizgi, mwe! Inu mabuku anakuonongani. Mukufuna umboni? Ku Roma apeza zozizwitsa zawo, ifenso tili nazo zathu. Mdzukulu wanga chaka chatha anauma gwaa, maso atatembenuka. Tikuthamangira kuchipatala ndinamumanga ichi padzanja. Lero si uyo akuweta mbuzi?"

Ankayankhula uku akumasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo. Anatulutsa kansalu kotalika ngati chala, kakuda ndi thukuta, nakakweza m'mwamba kuti onse aone. Kanali kachikasu mbali imodzi, koyera mbali inayo, ndipo m'mphepete munali chidutswa cha chilembo.

Dzanja lawo linaima m'mwamba momwemo. Anali atakumbukira pakhomo pamene anakhala. Amayi ena pamphasa anaweramitsa mitu, ndipo mmodzi anagwira pachifuwa pake pamene panali kachingwe.

"Amama," ndinatero, "kansaluko mwakatenga kuti?"

Anatsitsa dzanja lija.

"Ndikufunsa ine, amama."

"Adada, tinalakwa." Mawu awo anali atatsika mpaka kunong'ona. "Tsiku lija m'chipinda muja tinachitambasula kuti timufunditse. Ndiye tinayang'anana. Tinati chinthu chimene Apapa anachigwira ndi dzanja chikawolere pansi, kuno ana akudwala? Tinachidula ndi lumo. Aliyense amene anasambitsa anatengako, zina tinagawira anzathu."

"Nanga iye munamufunditsa chiyani?"

"Changa chatsopano, chimene ndinali ndisanavalepo. Sanapite wausiwa, adada, ndikulumbira."

Ndine munthu wosakwiya msanga, koma tsiku limenelo ndinakwiya kwambiri. Mayi amene sanapemphepo kanthu moyo wake wonse anapempha chinthu chimodzi, ndipo anzake a pamtima anamumana atagona chigonere. Zaka zonsezi ankandipatsa moni, ankabwera kudzandithandiza kupuntha mpunga, tinsaluto tili m'mfundo ndi m'khosi mwawo.

Akatekisiti anaimirira. Anati kumeneko ndi kubera wakufa, ndipo nkhaniyi iyenera kukafika kwa wansembe. Anati amayi apampando ayambe atula udindo. Amayi awiri anayamba kulira. Onse ankandiyang'ana ine ndi chisoni, bambo wamasiye wolakwiridwa, ndipo ndinaona kuti njira yanditsekukira. Ndikanangokhala chete, ndikanatuluka pamenepo woyera kuposa mmene ndinalowera. Ndinadzutsa maso n'kupeza asambizgi akundiyang'ana tsopano. Anapukusa mutu pang'ono, kundiuza kuti zisiyeni, mkulu, atatu aja anapita nazo kumanda, ifenso tipite nazo.

Kudambo zitini zinkalirabe. Ndinakumbukira kuti ndi phokoso lomwelo limene ndinamusiya nalo mkazi wanga m'mawa umene ndinakwera lole. Ndinagwira ndodo yanga n'kuimirira.

"Akatekisiti, khalani pansi. Amayiwa asatule udindo ine ndisanayankhule. Chitenje chija Papa sanachigwire. Sanachidalitse. Sanachione n'komwe, ndipo ine sindinamuone iye. Lole inathyoka pa Chiweta, tinafika Misa itatha dzulo lake. Ndinachigula kwa mayi wina amene ankalongedza katundu wake. Malo amene ndinapitira anali a mkazi wanga, ndinamulanda. Pobwera ndinamunamiza. Atadwala ankafunda nsalu imeneyo m'malo mopita kuchipatala, ine ndikuona, ndikudziwa, ndipo sindinanene."

Sindinayankhulepo mawu ambiri chotero pamsonkhano. Nditamaliza ndinakhala pansi.

Kenaka akatekisiti anatembenukira kwa asambizgi.

"Zoona zimenezi?"

Asambizgi anataya makoko amene anali m'manja mwawo. "Zoona. Tinaona udzu. Nyimbo zimene tinadzakuimbirani kuno ndinazimva pa wailesi ya dalaivala."

"Ndiye inu," anatero alamu awo aja, "mwakhala mukutiphunzitsa za anthu okhala chete, chonsecho ndinu mphunzitsi wamkulu wa sukulu yake?"

"Ndine amene, alamu," anayankha, osaseka.

Amayi apampando ankayang'ana kansalu kaja m'dzanja lawo.

"Ndiye kuti tinaba nsalu ya pamsika?" anatero. "Nanga mdzukulu wanga anachira ndi chiyani?"

"Mwanena nokha kuti munkathamangira kuchipatala," anatero asambizgi mofatsa.

"Ndi Chiuta," anatero akatekisiti. "Chiuta safuna chitenje kuti amve."

Mayi wina wachitsikana, amene mwana wake anamwalira zaka ziwiri zapitazo, anavula kachingwe m'khosi mwake, nakaika pamphasa, nanyamuka osatsanzika. Sindinafunse ngati iyenso anadikira kunyumba ndi kansaluko. Mpaka lero sindinafunse, ndipo ndikakumana naye panjira mawu a moni amandilemera.

Akatekisiti, posowa chochita, anabwerera ku nkhani imene tinasonkhanira. Anati wamkulu sanapereke maganizo ake pa dzina. Ndinawauza kuti ine si woyenera kuweruza mlandu umenewu. Ngati Papa anakhala chete pamene anayenera kuyankhula, ndikudziwa mmene zimayambira, ndipo sindinganene kuti n'zazing'ono, chifukwa ndaona kumene zimathera. Ngati sankadziwa, ndiye kuti ali bwino kuposa ine. Ngati mpingo wati ali kumwamba, ndiye kuti mafunso amenewa anakawayankha kale pamaso pa amene sanamizidwa. Ndinati sankhani inu. Tsiku limenelo sitinasankhe. Dzinalo analitenga patapita masabata angapo, pokweza manja. Asambizgi sanakweze. Ine ndinakhala manja ali pandodo. Akatekisiti ndi asambizgi akutsutsanabe mpaka pano akakumana pa Uliwa, mmodzi kunena za ndende ija, wina za makalata aja, ndipo ndikawamvetsera ndimaona kuti aliyense wagwira mbali yake ya zoona.

Lachitatu la sabata imeneyo ndinakwera minibasi kupita ku parishi kukalapa. Wansembe anali wamng'ono kwa mwana wanga woyamba. Anamvetsera osandidula, ndipo pomaliza anati anthu amoyo amene ndinawanamiza ndikawapepese mmodzimmodzi. Za wakufayo anati ndimusiye m'manja mwa Mulungu. Ndinavomera, ngakhale kuti chimenecho ndiye chovuta.

Kwathu munthu sapepesa chimanjamanja. Loweruka m'mawa ndinagwira thadzi langa lalikulu, ndinalimanga miyendo, kuti ndiyambire kwa amayi apampando. Ndikutseka chitseko ndinaona amayi akubwera m'kanjira mondondozana, asanu ndi awiri. Wakutsogolo ananyamula lichero lophimba ndi nsalu. Wakumbuyo anakolekera nkhuku m'khwapa.

Tinaima tikuyang'anana. Kenaka iwo anaika nkhuku yawo pansi, ine ndinaika yanga, ndipo nkhuku ziwirizo zinagona pafumbi miyendo ili yomanga, zikuphethira.

"Mumapita kuti ndi thadzi, adada?" anafunsa amayi apampando.

"Kwanu."

"Tikanasemphana panjira."

Ndinawayalira mphasa. Anavundukula lichero, ndipo munali tinsalu tija, tina takuda, tina tosuluka, tina topota ngati chingwe. Anayamba kutiyala pamphasa kuti tigwirizane monga tinalili. Tinsaluto sitinakwane. Diso limodzi la Papa panalibe. Dzanja lokweza lija anati linapita ku Iponga ndi mwana wa mayi wina amene anakwatiwa kumeneko, atumiza uthenga. Pakati panali mipata imene mphasa inkaonekera.

Ndinayamba kupepesa, koma amayi apampando anandidula.

"Zanu tazimva, adada, ndipo musaganize kuti sitinakwiye. Ine Lolemba sindinadye. Mwatiyendetsa ndi nsalu ya pamsika m'khosi ngati ana. Nkhuku yanuyo tilandira, tikadya. Koma ife tabwera ndi mlandu wathu. Malemu sanati mukandifunditse chodalitsidwa. Anati chitenje changa. Kaya Apapa anachigwira kaya ayi, chinali chake, ndipo anachipempha." Anaima pang'ono, napukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Tsiku lina tikuchapa kumtsinje anandiuza kuti chimene amachikondera kwambiri n'chakuti ndi chinthu chokhacho chimene inu munamubweretsera kuchokera kutali. Ndinkadziwa zimenezo pamene ndinkagwira lumo."

Zaka zonse zimene tinakhala limodzi, chinali chokhacho ndithu.

Ndinawafunsa ngati angathe kutisoka tinsaluto pansalu ina yoyera, mipata ikhale momwemo. Anati angathe. Ndinati akamaliza ndidzachisunga m'sutikesi muja, ndipo tsiku langa likadzafika adzandifunditse ine, ndikamupatse ndekha, ndikamuuzenso kumene ndinachigula.

"Inu okusambitsani adzakhala amuna," anatero mayi wina. "Muwachenjezeretu asambizgi, asadzabwere ndi lumo."

Tinaseka pang'ono, kuseka kwa anthu amene angolira kumene. Kenaka anasiya kuseka. Amayi apampando anatsika pamphasa n'kugwada pafumbi, ndipo enawo anawatsatira mmodzimmodzi, manja ali pamaondo, kudikira mawu anga.

Ndinawayang'ana. Amenewa ndi amene anamutembenuza mkazi wanga pamphasa pamene ine manja ankandikanika, amene anamusambitsa ndi kumutseka maso. Anamumana pempho lake chifukwa anakhulupirira zimene ine ndinanena. Mkwiyo wanga unali usanatheretu, ndipo sindinama kuti unatha tsiku lomwelo. Amene ine ndinayenera kumugwadira chotero ali kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtanda wa simenti, ndipo sangandiyankhe. Iwowa anali ndi munthu wowayankha.

Ndinawauza kuti adzuke, fumbi lingawadetsere zovala. Ndinawakhululukira.